Labala wa Mazenera Akumbuyo

Labala wakale akapsa ndi dzuwa amakhala ndi fungo lakelake, losiyana ndi la tayala, losiyananso ndi la phula la pamsewu. Ndi fungo louma, lokereketa pang'ono kukhosi. Ine ndinalidziwa chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 4, chaka chomwe amayi anamwalira, pamene ababa anayamba kukanganula ndi kampeni labala wa m'mazenera a galimoto yawo, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Chonde. Labalayo ankangofumbutuka ngati makala. Zala zinkada bii, ndipo sopo sankachotsa msanga.

Galimotoyo inali yakale kuposa ine, mwinanso kuposa ukwati wa makolo anga. Inali yaifupi koma yamsinkhu, yobiriwira, ya mtundu uja mabwana a ku esiteti ankayendera m'minda ya tiyi. Ababa anaiyendetsa zaka zambiri ali dalaivala wa manijala wina, ndipo itatopa, bwanayo anawasiyira. Denga lake linali loyera, lachitsulo chopepuka, lomangidwa ndi mabawuti. Mabawutiwo ukawamasula, amuna angapo ankatha kunyamula dengalo lonse pamodzi ndi mazenera ake, galimoto n'kutsala ndi galasi lakutsogolo lokha. Ena ankalitchula kanope, koma ababa ankangoti denga. Linali ndi mazenera aatali m'mbali, ndi tina ting'onoting'ono kumbuyo, uku ndi uku kwa chitseko.

Mazenera amenewa ankadontha kuyambira kalekale. Mvula ya ku Mulanje ndi yosanyengerera, ndipo ikapeza mng'alu imalowa ngati kwawo. Ine ndi mlongo wanga Pilirani, yemwe panthawiyo anali asanayambe sukulu, tinkakhala kumbuyo pa timabenchi toyang'anizana. Madzi ankatsetsereka pagalasi, n'kudutsa mu labala wong'ambikayo, n'kutilowa kumsana. Tikamatsika kutchalitchi tinkaoneka ngati tadzikodzera, anzathu n'kumatiseka. Amayi ankadandaula Lamulungu lililonse la dzinja, ababa n'kumati akonza mwezi wamawa. Mwezi wamawawo unatenga zaka, mpaka amayi anapita ku chipatala cha ku Mishoni osabwerako ndi moyo.

Ababa anali mkamwini. Kwawo kunali ku Luchenza, ndipo pathu pano anangobwera kudzakwatira. Nyumba anamanga okha, njerwa anawotcha okha, mapeyala anabzala okha, koma dothi linali la kuchikazi, ndipo ana tinali a kuchikazinso, m'manja mwa amalume a Dayisoni, achimwene awo a amayi. Maliro atatha, aliyense ankadziwa chotsatira. Mvula yobzalira isanakhazikike, ababa anayenera kusudzulidwa, kutanthauza kuti akuchikazi awauze pagulu kuti amasuka, abwerere kwawo, akafuna akakwatirenso. Ine palibe anandiuza zimenezi maso ndi maso. Ndinazitola pamjigo, kwa azimayi amene ankayankhula ngati mwana wosenza ndowa alibe makutu. Ndipo ndinatsimikiza mumtima mwanga chinthu chimodzi: ababa akamapita, ine ndipita nawo.

Amayi aang'ono, a Felesiya, amene anayenera kutisunga, sanali munthu woipa. Ankatisambitsa, ankatipatsa chinangwa ndi tiyi m'mawa ngati ana awo. Kungoti ana awowo analipo kale ambiri, ndipo m'nyumba mwawo dzina langa ankalitchula atayamba atchula ena onse molakwitsa. Ababa okha ndiwo ankanditchula kuti mayi, ndipo ankadziwa kuti sindidya therere.

N'chifukwa chake nditawaona akukanganula labala uja, mutu wanga unagwira ntchito mofulumira kuposa mmene unkagwirira pa masamu. Woyendetsa galimoto amakhala kutsogolo. Kutsogolo sikunkadontha. Munthu amene akupita yekha sangavutike ndi mazenera akumbuyo. Ndiye ngati akukonza kumbuyo, ndiye kuti kumbuyoko kukhala munthu, ndipo munthuyo ndine. Sindinauze aliyense, kuopa kuti amalume angamve n'kusokoneza.

Poyamba ababa anayesa zapafupi. Anadula malegeni ku chubu chakale, n'kuwakulunga m'mbali mwa galasi, n'kumata ndi phula limene anapempha kwa anthu okonza msewu. M'mawa zinkaoneka bwino ndithu. Pofika masana, dzuwa la Okutobala lija nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, phulalo linasungunuka n'kuyenderera pagalasi lonse, nkhuku ina n'kumatirira nthenga pachitseko. Amalume anaima poteropo atagwira m'chiuno.

"Alamu, galimotoyi ikulira misozi yakuda. Ilekeni ipume, yakalamba," anatero.

Ababa anangoseka pang'ono, n'kutuma ine palafini wopukutira. Anali munthu wosachulutsa mawu ndi kale lomwe, koma chilimwe chimenecho mawu awo anachepa ngati madzi a pachitsime.

Kenako anayamba kusakasaka. Anadula kachidutswa ka labala wakale uja, kotalika ngati chala, n'kukaika m'thumba la malaya. Kachidutswako ukakayang'ana kumapeto, unkaona tingalande tiwiri: kena kolowamo galasi, kena kogwira chitsulo cha denga. Kulikonse kumene ankapita ankakatulutsa n'kukaika pakauntala, monga amachitira munthu wofunafuna mbale wake ndi chithunzi. M'masitolo a pa Chonde anapeza za njinga zokhazokha. Pagalaja ina ku Boma anawapatsa labala wochotsa ku minibasi yakufa, ndipo anabwera naye akumwetulira. Koma ngalande yake inali yotakata, galasi n'kumagwedera mkatimo ngati dzino la mwana. Ku Limbe, mwini sitolo wina anakatembenuza kachidutswako, n'kuwauza kuti labala wotere anasiya kubwera iye asanamere ndevu. Kuseri kwa nyumba ina ya ku Mishoni kunali galimoto yamtundu womwewo, itakhala pa miyala, nkhuku zikuikiramo mazira. Ababa anakaona, koma labala wake anali wakutha kuposa wathu.

Ulendo uliwonse wopanda kanthu unkandiwawa ine kuposa iwo. Ndinkayang'ana kuphiri, kumene mitambo inayamba kusonkhana masana aliwonse n'kubalalikanso madzulo, ndipo ndinkadziwa kuti nthawi ikutha. M'mutu mwanga zinthu ziwirizi zinali zitamangana: labala akapezeka ndipita, akapanda kupezeka nditsala. Kusukulu aphunzitsi ankati ndayamba kugona ndili maso.

Amene anathandiza anali mnzawo wina woyendetsa lole ya tiyi. Iyeyu anawauza kuti kutsidya kwa Muloza, ku Mozambiki, galimoto zamtunduwu zinali zikuyendabe, ndipo kunali mkulu wina amene ankasunga zipangizo zake m'chisakasa. Ababa analawirira m'mawa pa minibasi. Anabwera dzuwa litapendeka, fumbi lili m'nsidze, atakoleka paphewa chinthu chakuda chozengezazengeza. Ana a pamudzi anabalalika akukuwa kuti njoka. Ine ndinathamangira komweko. Anali labala watsopano, wonyezimira, wofewa, ndipo nditayerekeza kumapeto kwake ndi kachidutswa kaja, tingalande tinafanana ndendende. Tsiku limenelo ndinadya mpaka amayi aang'ono anafunsa ngati ndachira matenda amene sankawadziwa.

Ntchito yoika inatenga Loweruka lathunthu. Ababa anayamba ndi kupala dzimbiri ndi zotsalira za phula m'mphepete mwa mazenera, mpaka chitsulo chinayera. Labala anamuviika m'beseni la madzi otentha kuti afewe, kenako anamuzunguliza m'mbali mwa galasi, akumukankhira ndi chala chachikulu pang'onopang'ono. Podula anasiyako kotsala ngati chala chimodzi. Anati labala amafupika kukazizira, ndipo amene amadula zongokwanira mu Okutobala amadzalira mu Juni, chiperoni chikayamba. Nsonga ziwirizo anazipanikiza kuti zikumane pansi, pakati penipeni.

Kenako anamasula chingwe choyanikira zovala, n'kuchipaka sopo, n'kuchilowetsa m'ngalande yachiwiri ija kuzungulira galasi lonse, nsonga zake n'kupingasana pansi. Ine anandilowetsa mkati mwa galimoto n'kundipatsa nsongazo. Iwo anaima kunja atagwira galasi pamalo pake ndi zikhatho zonse ziwiri. Ntchito yanga inali kukoka chingwe, kuti chikamatuluka chizikokera mlomo wa labala mkati, n'kuukoleka pachitsulo. Mkatimo munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa. Thukuta linkandilowa m'maso, chingwe chasopo chinkaterera, ndipo kudzera pagalasi ndinkaona zikhatho za ababa zitayera chifukwa chokanikiza.

"Koka pang'onopang'ono, mayi. Pakona usathamange."

Pakona yoyamba ndinathamanga. Chingwe chinasololoka chonse, galasi linapendekeka, ababa n'kuliwakha ndi chifuwa lisanagwe. Sanakalipe. Anayambanso kupaka sopo. Ulendo wachiwiri ndinazunguliza dzanja monga anandionetsera, ndipo mlomo wa labala unayamba kukwera pachitsulo, ukulira kuti tswii, kuchokera pansi, kukhota pakona, mpaka pamwamba. Ababa anamenya galasi ndi chikhatho, phaa, phaa, ndipo linakhazikika osagwederanso. Tili pa zenera lachiwiri ndinalimba mtima.

"Ababa, kwanu ku Luchenza sukulu iliko?"

"Iliko."

"Ili pafupi ndi nyumba?"

Anandiyang'ana kudzera pagalasi lasopolo. "Koka chingwe, mayi," anatero.

Ine ndinamva ngati avomera. Madzulo ake anatikhazika mkati ine ndi Pilirani, n'kutseka chitseko, n'kumakhuthulira ndowa za madzi pamazenera. Pilirani ankakuwa mokondwa madzi akamenya galasi. Ine ndinkayendetsa chala m'mphepete mwa labala kufunafuna chinyezi, osachipeza. Patapita masiku ochepa chizimalupsa chinagwa, chamabingu, chonunkhira fumbi, ndipo tinathamangira m'galimoto osati m'nyumba. Denga linkasokosera mpaka osamvana, madzi ankathamanga pagalasi, koma misana yathu inali youma gwaa. Tsiku lomwelo ndinatenga jumbo, n'kuikamo yunifolomu, makope, chipeso ndi chitenje chimodzi cha amayi, n'kuibisa pansi pa benchi. Za Pilirani ndinaganiza kuti tidzamutenga akakula. Sindinganame, sindinamuganizire kwambiri.

Tsiku losudzula linafika Loweruka lina, kunja kuli mitambo. Abale a ababa anabwera kuchokera ku Luchenza, n'kukhala pamphasa moyang'anizana ndi akwathu. Panali thobwa m'ndowa, ndipo nkhuku zinaphedwa. Ankhoswe anayankhula nthawi yaitali, mbali iyi ndi mbali iyo, kuyamikirana ndi kupepesana. Ine sindinakhale nawo. Ndinali nditasamba kale, nditadzola mafuta, nditakhala pabenchi langa kumbuyo kwa galimoto, jumbo ili pamiyendo. Zonse ndinkazionera pazenera. Ndinaona amalume akuimirira n'kuvula chipewa, ndipo popeza chitseko chinali chotsekula, ndinamva mawu awo.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, ndipo pamudzi pano simunalakwire munthu. Lero takumasulani. Ana ndi athu, tiwasamala."

Azimayi anaomba m'manja mwakachetechete. Ababa anawerama, n'kuyankha mawu amene sindinawamve. Atatero analowa m'nyumba n'kutulutsa katundu wawo: sutukesi, matiresi okulungidwa, wailesi ndi bokosi la zitsulo. M'bokosimo anatenga sipanala. Anabwera kugalimoto, n'kundipeza, n'kuyang'ana jumbo ija. Anagwada pabenchi linalo n'kuyamba kumasula mabawuti a denga, limodzilimodzi, akuwaponya m'kachitini. Ndinaganiza kuti akulimbitsa chifukwa cha ulendo. Ngakhale pamene anapita kutsogolo kukamasula a pamwamba pa galasi, ndinkaganizabe choncho.

Kenako anaitana amuna. Amalume anagwira ngodya imodzi, achimwene awo a ababa ina, anyamata awiri kumbuyo. Anawerenga pamodzi, n'kunyamula. Denga linakwera pamutu panga, mazenera athu aja n'kudutsa, ndipo mwadzidzidzi ndinali pamtetete, nditakhala m'galimoto yopanda denga, mudzi wonse ukundiona ndi mafuta anga kumaso ndi jumbo yanga pamiyendo. Palibe anaseka. Zikanakhala bwino akanaseka. Amunawo anayenda nalo dengalo mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene panali milu ya njerwa yosanjidwa bwino, imene dzulo lake panalibe. Analikhazika pamenepo.

"Masipuling'i agalimotoyi atopa, alamu," ababa anauza amalume mokweza kuti onse amve. "Denga ndi katundu pamodzi sizitheka. Mundisungire, ndidzabwera kudzatenga."

"Lili m'manja mwathu," amalume anayankha.

Amayi aang'ono ndiwo anabwera kudzanditsitsa. Sindinalimbane nawo, ndipo sindinalire mpaka madzulo. Ababa anandigwira pamutu, ananyamula Pilirani n'kumutsitsa, n'kuliza galimoto. Abale awo anakwera kumbuyo, pabenchi langa, ndipo anatuluka pamudzi mvula itayamba kuwaza. Ababa ndinawada tsiku limenelo, kuwada kwenikweni. Ndinkati anandigwiritsa ntchito yokoka chingwe akudziwa kuti sindipita.

Kumapeto kwa mwezi womwewo tinamva kulira kwa galimoto kumsewu. Anali ababa, atavala thumba la fetereza kumutu ngati chipewa, malaya atamatirira pathupi. Atangotsika anapereka moni kwa amalume, n'kunena mokweza, kuti ngakhale a nyumba yachitatu amve, kuti abwera kudzaona denga lawo. Anapitadi kudengako. Analizungulira, akukanikiza labala ndi chala chachikulu pazenera lililonse, kusuzumira pansi ngati chiswe chakwera njerwa, kuchotsa masamba a mapeyala pamwamba. Atamaliza m'pamene anakhala pakhonde, n'kutulutsa shuga, sopo ndi makope, n'kuika Pilirani pamwendo, n'kundiuza kuti ndibweretse masamu anga aone. Ndinabweretsa nditatupa, osawayang'ana kumaso. Dzuwa lisanalowe ananyamuka, denga n'kulisiya pomwepo.

Dzinja lonse zinali choncho. Mwezi ukamatha, nthawi zina usanathe, ankabwera. Mawu ake omwewo, kuzungulira komweko, chala pa labala, kenako pakhonde. Ine ndinkaona ndondomekoyo ndipo ndinkaisunga mumtima: choyamba denga, chachiwiri ife. M'dengamo ine ndi Pilirani tinkakwawiramo mvula ikamagwa, ndipo ndinkawerengeramo chifukwa munali mouma ndi mowala kuposa m'nyumba mwa amayi aang'ono. Koma ababa akabwera ndinkatulukamo msanga, kuti asaone kuti ndimalikonda. Tsiku lina mu Febuluwale anafika akunjenjemera, madzi akutuluka m'nsapato, akutsokomola. Ndinalephera kupirira.

"Bwanji osangotenga denga lanulo? Mukunyowa chonchi denga lili apa?"

"Masipuling'i sanachire, mayi," anatero, akufinya malaya.

Masipuling'iwo sanachire mpaka ndinalemba mayeso a Sitandade 8, mpaka ndinapita ku sekondale, mpaka ababa anakwatiranso kwina, mpaka galimotoyo inafera ku Luchenza iwo n'kumabwera pa njinga, kudzaona denga la galimoto imene kunalibenso.

Ndili mwana ndinkati ababa anali munthu wokonda chitsulo chake, ndipo ifeyo ankationa chifukwa tinkakhala pafupi ndi pamene anachisiya. Ndakula m'mudzi momwemo, ndipo ndamva mmene anthu amanenera mwamuna wosudzulidwa akamabwerabwera kumudzi kwa malemu mkazi wake. Ena amati akufuna mng'ono wa malemuyo, ena amati akunyengerera ana kuti awabe, ndipo sipatenga nthawi akuchikazi amakakamizika kumuuza kuti achepetse maulendo. Koma munthu amene wasungitsa katundu wake ali ndi chifukwa choti anene pagulu, ndipo palibe angamuletse. Kungoti katunduyo ayenera kukhala weniweni. Denga lodontha, la magalasi ogwedera, likanakhala chitsulo chotayidwa, ndipo palibe akanakhulupirira kuti munthu angachoke ku Luchenza mwezi ndi mwezi kudzaona zinyalala. Panopa ndimadziwanso kuti katundu amene ababa anakweza tsiku lija sakanailemera ngakhale njinga, ndiponso kuti amene anasanja njerwa zija anali amalume, m'mamawa, ndi manja awo. Ababa kunditenga sakanatha, ndipo anadziwa zimenezo asanadule n'komwe kachidutswa koyamba ka labala. Chimene akanatha chinali kubwera. Choncho ankabwera, ndipo madzulo ankabwerera kwawo mvula ikuwamenya m'mutu.